MADZI OTENTHA OTULUKA PANSI: ACHOKERA KUTI, NANGA MULI CHIYANI M'KATI MWAKE?

Mphunzitsi wina wa ku Nkhotakota watilembera kalata. Akuti anatenga ana a sukulu yake kukaona madzi otentha a pa Mawira, ndipo pobwerera mwana wina anamfunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi amene amasonkha moto pansi paja ndani?" Iye anayankha kuti pansipo pali moto wa phiri lophulika. Koma usiku umenewo mtima wake sunakhazikike, pakuti sanadziwe ngati anawauza anawo zoona kapena ayi. Tsono watipempha kuti timthandize, ndiponso afunsa ngati nkwabwino kuti anthu azimwa madzi amenewa. Mafunso awiriwa akhudza anthu ambiri a m'mphepete mwa nyanja ndi a m'chigwa cha Shire, kotero taganiza zoyankha m'tsamba lino kuti ena onse amve nawo.

Yankho lalifupi nali. Pansi pa Mawira palibe moto woyaka, ndipo palibe phiri lofuna kuphulika. Madziwo ndi mvula yomweyi imene imagwa pa minda yathu, koma inalowa pansi patali kwambiri, nitenthedwa ndi miyala, nibwerera kumtunda. Za kumwa, tikuti musawayese madzi akumwa a masiku onse, makamaka kwa ana. Koma yankho lalifupi silikwanira mphunzitsi amene adzaima pamaso pa ana ochenjera, ndiye tiyeni tiione nkhaniyi bwino lomwe.

KUMENE AKASUPEWA APEZEKA

Tengani mapu a dziko lino ndi pensulo, ndipo muike kadontho pa malo ali onse amene titchule. Ku Karonga kuli akasupe otentha pa Ngala ndi pa Mwankenja. M'boma la Rumphi, kumunsi kwa phiri kufupi ndi nyanja, kuli a pa Chiweta ndi a Mphizi, ndipo amenewa ndiwo otchuka chifukwa cha kutentha kwake, pafupifupi madigiri 80. Ku Nkhata Bay kuli Kanunkha. Ku Nkhotakota kuli Kasitu, Chombo ndi Mawira. Mukatsika ndi mtsinje wa Shire mudzapeza Mawira ena pa Liwonde, ndi enanso kumunsi ku Chikwawa. Onse pamodzi alipo makumi angapo, ena aakulu, ena ongonyowetsa nthaka.

Tsopano yang'anani madontho anu aja. Sanamwazike ngati mapira ofesa ayi. Andandalika kuchokera kumpoto kufikira kummwera, kutsata nyanja ndi Shire, ndipo ambiri ali m'tsinde mwa zitunda zazitali. Mzere umenewu suthera m'malire mwathu. Pamene David Livingstone ndi anzake ankayenda pa Shire m'zaka za 1858 ndi 1859, eni dziko anawaonetsa kasupe wotentha m'tsinde mwa phiri la Morrumbala, limene lero lili ku Mozambique. Anayeza kutentha kwake napeza kuti kunaposa madigiri 75, ndipo anaphikamo dzira. Eni akewo ankangoti ndi madzi owira, monga momwe ife titchulira Mawira kufikira lero.

DZIKO LONG'AMBIKA

Chifukwa chimene akasupe andandalikira chotere chili m'miyala. Dziko lathu lili kumapeto a kummwera a chigwa chachikulu chimene pa Chingerezi amachitcha Rift Valley, chochokera ku Ethiopia, nichidzera m'maiko a Kenya, Uganda ndi Tanzania. M'chigwa chimenechi nthaka ya Afrika ikukokedwa mbali ziwiri, ina kum'mawa ina kumadzulo. Kukokako nkwapang'onopang'ono zedi: kumpoto kwa nyanja ndi mamilimita 2 okha pa chaka kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo kummwera nkochepera apo. Chikhadabo cha munthu chimakula koposa pamenepa pa mwezi umodzi wokha. Koma ntchito imeneyi yachitika zaka mamiliyoni angapo, ndipo mwala ukakokedwa sutamuka ngati mphira, umang'aluka.

Aphunzitsi angathe kuonetsa ana zimenezi ndi njerwa zitatu. Ya pakati isemedwe kuti ikhale yotakata kumwamba ndi yopapatiza pansi, ndipo ziwiri za m'mbali zisemedwe molingana nayo kuti zigwirane bwino. Mukakoka za m'mbalizo pang'ono, ya pakati idzatsetsereka nitsika. Njerwa yotsikayo ndiyo chigwa m'mene muli nyanja. Ziwiri zotsala m'mwamba ndizo mapiri a mbali ino ndi a tsidya lija. Malo amene njerwa zikhudzana ndi kutsetserekerana ndiwo mng'alu umene akatswiri a miyala amautcha fault. Chigwa chathu chinatsika kwambiri, kotero kuti pozama penipeni pa nyanja, chakumpoto, pali mamita pafupifupi 700, ndipo pansi pakepo ndi potsika koposa nyanja yamchere.

Ming'alu imeneyi ambiri a ife taikwera osadziwa. Amene anayendapo pa msewu wa pa Chiweta, kapena pa Khwekhwelere potsikira ku Golomoti, kapena pa mtsetse wochokera ku Blantyre kunka ku Chikwawa, anali kuyenda pa nkhope ya mng'alu. Umodzi mwa yaitali ndi wa Bilila-Mtakataka, wotalika makilomita oposa 100. Ndipo ming'aluyi sinafe. Nthawi zina miyala yogwiranayo imaterereka mwadzidzidzi, ndipo ife timamva chivomezi. Cha ku Salima pa 10 Malichi 1989 chinapha anthu 9 ndi kugwetsa nyumba zambirimbiri. Za ku Karonga mu Disembala 2009 zinapha anthu 4. Chivomezi ndi kasupe wotentha ndi ana a mayi mmodzi, ndiye mng'alu. Koma kasupe sabweretsa chivomezi, ndipo kukhalapo kwake sikutanthauza kuti chivomezi chili pafupi.

KUTENTHA KUCHOKERA KUTI?

Azigogo athu amene anagwirapo ntchito m'migodi ya golide ku Joni angathe kuyankha funso limeneli koposa buku. Iwo amanena kuti munthu akamatsika ndi chikepe cha mu mgodi, kutentha kumanka kukulirakulira, kufikira thukuta lili kamukamu ngakhale dzuwa silifikako. Mu mgodi wa Mponeng, umene uli wakuya pafupifupi makilomita 4, mwala umatentha kuposa madigiri 60, ndipo eni mgodi amatsitsirako madzi oundana kuti anthu athe kugwira ntchito. Kumeneko kulibe phiri lophulika. M'kati mwa dziko lapansi ndi motentha pali ponse, ngakhale pansi pa nyumba yanu.

Kutenthako kuli ndi magwero awiri. Kwina nkotsala kuyambira pamene dziko linaumbika. Kwina kumachokera ku zinthu zina zopezeka pang'onopang'ono m'miyala, monga uranium uja wa ku Kayelekera, ndi thorium ndi potassium, zimene zimaphwanyika zokha mwakachetechete ndi kutulutsa kutentha. M'malo ambiri, pa kilomita imodzi iliyonse imene mutsika, kutentha kumaonjezeka ndi madigiri 25 kufikira 30.

Nayi samu imene ana a makalasi apamwamba angathe kuichita. Tiyese kuti nthaka ya kunyanja, kumtunda kuno, ili pa madigiri 25, ndipo pa kilomita iliyonse tionjezapo 25. Kodi titsike makilomita angati kuti tifike pa madigiri 100, pamene madzi amawira m'poto? Yankho ndi makilomita 3 okha. Umenewu ndi mtunda umene mwana amayenda popita ku sukulu. Kusiyana kwake nkwakuti uwu ndi wolunjika pansi. Choncho sipafunika moto wa phiri kuti madzi atenthe. Pafunika njira yokha yoti madzi afikeko ndi kubwerako msanga asanazizire.

Tisanapitirire, tinene kuti mphunzitsi wathu sanaphonye kutali. Kulidi maiko kumene madzi amatenthedwa ndi mwala wosungunuka umene uli pafupi ndi kumtunda, monga ku Kenya, ku Iceland ndi ku New Zealand. Ngakhale kumpoto kwa nyanja yathu, m'dziko la Tanzania, kuli mapiri a Rungwe amene ali ophulika, ndipo limodzi la iwo, Kyejo, linaphulika cha m'ma 1800. Koma m'Malawi muno mulibe phiri lotere lamoyo, ndipo anthu a pa Mawira ndi pa Chiweta agone tulo pa nkhani imeneyi.

ULENDO WA DONTHO LA MVULA

Titsate dontho limodzi logwa pa mapiri a Nyika, amene atalika kuposa mamita 2,500. Anzake ambiri athamangira ku mitsinje, ena amwedwa ndi mizu ya mitengo, ena aphwa ndi dzuwa. Koma ili lalowa m'nthaka, ndipo pansi pa nthaka lapeza mwala wolimba. Mwala wotere sumwa madzi. Njira yokha ndi m'timing'alu, ndipo pafupi ndi mng'alu waukulu timing'alu tachuluka, pakuti miyala yakhala ikuperana pamenepo zaka zosawerengeka ndipo yasweka ngati mphale. Dontho lija litsika pang'onopang'ono, likukankhidwa ndi kulemera kwa madzi ena obwera pambuyo pake, ndipo likamatsika likutenthedwa.

Kodi nanga likwera bwanji? Tengani paipi ya mphira, muipinde ngati uta, mbali ina ikhale m'mwamba, ina m'munsi. Mukathira madzi ku mbali ya m'mwamba adzatulukira ku ya m'munsi, ngakhale kuti pakati ayenera kukwera. Mapiri ndiwo mbali ya m'mwamba, gombe la nyanja limene lili pa mamita osafika 500 ndilo mbali ya m'munsi, ndipo mng'alu wa m'tsinde mwa chitunda ndiwo kamwa la paipi. Palinso china chothandiza: madzi otentha ndi opepuka kuposa ozizira, motero ozizira otsikawo amakankhira otentha kumwamba. Mng'alu ukakhala wotseguka bwino madzi amakwera msanga natuluka ali chitenthere, monga pa Chiweta. Ukakhala wothina, kapena madzi akasakanizika ndi ozizira a m'dambo, amatuluka ofunda chabe. Ichi ndicho chifukwa akasupe awiri oyandikana angathe kusiyana kutentha.

Wina angafunse chifukwa chimene madzi sawira ndi kusanduka nthunzi pansi pomwepo ngati apitirira madigiri 100. Chifukwa chake ndi kupanikizika. Madzi otsenderezedwa sawira msanga. Pansi pa madzi akuya mamita 10 okha, madzi ayenera kufika madigiri 120 kuti awire. Tsono ganizirani pansi pa makilomita 3.

Koma tidziwa bwanji kuti ndi mvuladi, pakuti palibe munthu anatsatapo dontho ndi maso? Kale ngakhale anthu ophunzira ankaganiza kuti madzi otentha ndi madzi atsopano obadwa m'mimba mwa dziko. Amene anathetsa mkanganowu ndi katswiri wa ku America, Harmon Craig. Madzi onse ali ndi timagawo tina tolemerapo pang'ono kuposa tinzake, ndipo kuchuluka kwa timagawo tolemerato kumasiyana malinga ndi dera ndi kutalika kwa malo amene mvula inagwa. Ya pa phiri ndi yopepukirapo kuposa ya m'chigwa. Mu 1963 Craig anaonetsa kuti madzi otentha a m'maiko osiyanasiyana ali ndi chizindikiro chofanana ndi cha mvula ya m'dera lomwelo. Zili ngati kuzindikira kwao kwa mlendo pomva kalankhulidwe kake. Palinso njira yodziwira zaka za madzi. Mabomba a atomu amene maiko aakulu ankayesa m'mlengalenga, makamaka kufikira 1963, anathira m'mvula ya dziko lonse kanthu kotchedwa tritium. Madzi a pansi amene alibe kanthuka analowa m'nthaka mabomba aja asanayambe. Madzi a akasupe akuya kawirikawiri amakhala akale chotero, ndipo m'maiko ena apezeka a zaka zikwizikwi. Nkutheka ndithu kuti amayi ochapa pa Mawira lero akuchapira mvula imene inagwa agogo awo asanabadwe.

Umboni wina mungaupeze nokha. Chitsime cha m'dambo chimasefukira mu Febuluwale ndi kuphwa mu Okutobala, koma kasupe wotentha weniweni sasintha kwenikweni, dzinja ndi chilimwe. Ulendo wake ndi wautali kwambiri kotero kuti chilala cha chaka chimodzi sichimveka kumene atulukira.

ZIMENE MADZI AMATENGA PA NJIRA

Pano ndipo pagona nkhani, ndipo ndipempha makolo awerenge mofatsa. Mayi ali yense wodziwa kuphika thelele amadziwa kucheza chidulo: amaika phulusa m'chiwiya chobooka, nathira madzi, ndipo madzi odontha pansi salinso madzi wamba, atenga mphamvu ya phulusa. Dziko nalo limacheza chidulo chake, koma phulusa lake ndi mwala, ndipo madzi ake ndi otentha. Tonse tidziwa kuti shuga amasungunuka msanga mu tiyi wotentha kuposa m'madzi ozizira. Mwala nawo umagonja pang'onopang'ono kwa madzi otentha amene akhala nawo zaka zambiri.

Mvula podutsa mu mpweya ndi m'nthaka ya masamba owola imatenga mpweya wa carbon dioxide, ndipo imasanduka asidi wofooka kwambiri, wosamveka ndi pa lilime pomwe. Asidi ameneyu amadya timiyala toyera totchedwa feldspar, timene tadzaza m'miyala yakale ya dziko lino. M'menemo mumatuluka sodium, ndipo akaphatikana ndi carbon dioxide uja pamakhala soda, mbale wake wa soda amene timagula m'sitolo. Pa ntchito imeneyi asidi amatha, ndipo madzi amatembenukira mbali ina, ya chidulo. Ndicho chifukwa chake madzi a akasupe athu ambiri amaterera m'manja ngati muli sopo, ndipo zovala zimayera msanga.

Fungo la dzira lovunda limene limamveka pa akasupe ena ndi la sulufule. Amachokera ku timiyala tonyezimira ngati golide, totchedwa pyrite, timene tanamiza anthu ambiri kuti apeza chuma. Sulufule wina amakhala wosungunuka m'madzi, wina amathawa monga mpweya wa hydrogen sulphide, ndiwo wonunkhawo. Dzina lakuti Kanunkha silifuna womasulira. Mphete ya siliva kapena chingwinjiri cha mkuwa chimada chikakhala m'madzi otere, ndipo si matsenga ayi, ndi sulufule amene wagwira chitsulocho.

Zoyera zimene zimamatirira pa miyala m'mbali mwa kasupe ndi katundu amene madzi amatula akafika kunja. Zina ndi mchere wotsala madzi akaphwa ndi dzuwa. Zina ndi silica, chinthu chomwe chimapanga mchenga. Zina ndi laimu. Ku Songwe, kufupi ndi Mbeya m'dziko la Tanzania, akasupe otentha anaunjika laimu wambiri kufikira kukhala matanthwe. Silica ali ndi ntchito ina yodabwitsa. Kuchuluka kwa silica amene madzi angasungunule kumatsata kutentha kwake, ndipo madzi akamakwera ndi kuzizira samutaya msanga. Motero katswiri akayeza silica m'botolo la madzi, pamodzi ndi kulingana kwa sodium ndi potassium, angathe kunena kutentha kwa pansi kumene madziwo achokera, ngakhale sanakumbe dzenje. Munthu wochokera ku dothi la katondo amadziwika ndi fumbi la ku mapazi. Mwa njira imeneyi zadziwika kuti pansi pa Chiweta madzi amaposa madigiri 100.

Tsono tifike pa chinthu chimene chilibe fungo, chilibe mtundu, ndipo sichimveka pa lilime. Dzina lake ndi fluoride. Amachokera ku timiyala takuda tonyezimira ndi tina totere ta m'miyala yakale ndi ya nsangalabwi. M'madzi wamba a pa chitsime mumakhala calcium, ndiye mwini wa laimu, amene amagwira fluoride namubweza kukhala mwala. Koma laimu ali ndi khalidwe losiyana ndi shuga: iye amakana madzi otentha. Onani m'kati mwa ketulo yakale mmene mumakhalira zoyera zokakamira. Ameneyo ndi laimu wothawa m'madzi pamene atenthedwa. Pansi pa dziko zimachitikanso chimodzimodzi. Madzi akamatentha ndi kusanduka a soda, calcium amatsalira m'ming'alu, ndipo fluoride, posowa womgwira, amachuluka. Choncho zinthu zitatu zimene zimachititsa madziwa kukhala okoma posamba, kutentha, kuterera ndi kufewa, ndizo zomwenso zimawachititsa kukhala oopsa pakumwa.

Fluoride wochepa amalimbitsa mano, ndipo nchifukwa chake amamuika m'mankhwala otsukira mano. Koma bungwe la World Health Organization linaika malire a mamiligalamu 1.5 pa lita imodzi ya madzi akumwa, ndipo akasupe otentha ambiri a m'dziko muno amapitirira malire amenewa kangapo. Mwana amene amamwa madzi otere pamene mano ake achikulire akuumbika m'nkhama, ndiko kuti kuyambira ali khanda kufikira zaka 8, mano ake amatuluka ndi mawanga oyera ngati choko, kenaka amasanduka ofiirira ndi okumbikakumbika. Mswachi suchotsa zimenezi, ndipo sizitha moyo wake wonse. Ine ndinaphunzira sukulu ndi mnyamata wina wa kunyanja amene ankabisa pakamwa ndi dzanja akamaseka, ndipo ife mwa umbuli wathu tinkamunena kuti satsuka mano. Ndinazindikira mochedwa kuti mlandu unali wa madzi a kwao. Munthu akamwa madzi a fluoride wochuluka kwambiri zaka zambiri, matendawa amalowanso m'mafupa: msana ndi mawondo zimauma, ndipo kuwerama kumavuta.

Chonde mumvetse ichi: kuwiritsa madzi sikuchotsa fluoride. Kumapha tizilombo, inde, koma madzi akamachepa m'poto fluoride amatsala yense, ndiye amakhala wochulukirapo pa kapu iliyonse. Mankhwala a klorini nawonso samuchotsa. Ndiponso vutoli silithera pa kasupe penipeni. Mjigo wokumbidwa pa mzere wa mng'alu womwewo ungathe kukoka madzi osakanizika ndi otenthawo. Ngati madzi a pa mjigo wanu amatuluka ofunda m'mawa, kapena ngati ana ambiri a m'mudzi ali ndi mano ofiirira, a komiti ya mjigo akauze mlangizi wa zaumoyo kapena a ofesi ya zamadzi pa boma kuti madziwo ayezedwe. Poyembekeza, ana azimwa madzi a ku chitsime china chotetezedwa, kapena a mvula otungidwa pa denga la malata ndi kusungidwa mwaukhondo. Kulinso zosefera za makala a mafupa a ng'ombe zimene zimagwira fluoride, ndipo zagwira ntchito ku Kenya ndi ku Tanzania.

KUSAMBA NDI KUCHIZA

Kusamba ndi kuchapa kulibe choletsa, pakuti fluoride salowa pa khungu. Madzi ofunda amapepuza thupi la munthu wa nyamakazi, ndipo sulufule ndi mankhwala akale a zipere ndi mphere, kotero akuluakulu amene amati madziwa amathandiza khungu sakunama. Koma sachiza chifuwa chachikulu, malungo kapena kusabereka, ndipo wodwala asachedwe ku chipatala chifukwa cha kasupe.

Chenjezo lalikulu ndi la moto wa madziwo. Madzi a madigiri 60 amawaula khungu la munthu wamkulu pa masekondi owerengeka, ndipo la mwana msanga koposa. Pa Chiweta dzira limapsa. Mwendo wa mwana woterereka udzapsanso chimodzimodzi. Sambani kumunsi kumene madzi azizirako, ndipo yesani kaye ndi chala. Musamize mutu kapena kulowetsa madzi ofunda a m'thamanda m'mphuno, pakuti m'madzi otere nthawi zina mumakhala kachilombo kamene kamalowera m'mphuno kunka ku ubongo. Matendawa ndi osowa, koma akagwira munthu sachira kawirikawiri. Ndipo kumunsi kwenikweni, kumene madzi azizira nalowa m'bango, nkhono za likodzo zingathe kukhalamo monga m'madzi ena onse.

KODI MADZIWA ANGATIPATSE MAGETSI?

Ku Larderello m'dziko la Italy anayatsa mababu oyamba ndi nthunzi ya pansi mu 1904. Ku Kenya makina oyamba a pa Olkaria, kufupi ndi nyanja ya Naivasha, anayamba ntchito mu 1981, ndipo magetsi a nthunzi ya pansi akhala gawo lalikulu la magetsi a dzikolo. Koma kumeneko kuli mwala wosungunuka pafupi, ndipo madzi a pansi amaposa madigiri 250. Athuwa ndi ofatsa. Alipo makina amene amagwiritsa ntchito madzi a madigiri 100 ndi kupitirirapo powiritsa mankhwala ena osachedwa kuwira, ndipo nthunzi ya mankhwalawo ndiyo imazunguza makina. Koma kukumba zitsime zakuya nkodula, ndipo sizichitika mwa changu. Anzathu a ku Zambia anamanga makina otere pa Kapisya, m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika, m'zaka za m'ma 1980, koma madzi amene anapeza sanatenthe mokwanira ndipo makinawo sanagwire ntchito imene anawamangira. Kuganiza kwanga nkwakuti phindu lapafupi lili pa zinthu zing'onozing'ono, monga kuumitsa usipa ndi mbewu nthawi ya mvula popanda kudula mitengo, ndi kumanga malo osambira aukhondo amene alendo angalipire.

NTCHITO YA ANA A SUKULU

Sukulu imene ili pafupi ndi kasupe ili ndi mwayi. Ana ayeze kutentha kwa madzi ndi choyezera kamodzi pa mwezi kwa chaka chathunthu, pa malo amodzimodzi, mphunzitsi ali pomwepo, ndipo ayerekeze ndi chitsime cha m'mudzi. Atunge kapu ya madzi a kasupe ndi kapu ya madzi a mvula, athire m'mbale ziwiri zakuda ndi kuziika pa dzuwa kufikira ziume, aone mbale imene idzatsala ndi zoyera. Awiritsenso zikhokho zofiira za chidede, ndipo madzi ofiirawo adonthezere m'makapu atatu: ya madzi a mandimu, ya chidulo ndi ya madzi a kasupe. Mu mandimu kufiira kudzawala, mu chidulo kudzatembenukira kobiriwira kodera, ndipo ana anene okha kuti madzi a kasupe atsata mbali iti.

Ntchito yofufuza miyala ya dziko lino inakhazikika ndi Frank Dixey, amene anagwira ntchito kuno kuyambira 1921 kufikira 1939, ndipo mu 1969 katswiri wina wa miyala, Kirkpatrick, anafalitsa zimene anapeza pa akasupe otentha a m'Malawi. Koma eni mudzi amadziwa malo awo koposa mlendo wodutsa. Ngati kwanu kuli pamalo potuluka madzi ofunda, kapena pamene pamafuka nthunzi m'mamawa mwezi wa Juni, lembani dzina la malowo, la mudzi ndi la mfumu yaikulu, ndipo munene ngati madziwo ali ndi fungo ndiponso ngati anthu amamwa. Kalatayo ipite kwa Bwana DC wa boma lanu kapena ku likulu la dipatimenti ya Geological Survey ku Zomba.